Vuto lili pa sizeof yanuyo achimwene

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji pulogalamu yanu ya C ikumagwa ndi segmentation fault (kugwa chifukwa chokhudza memory yosaloledwa) mukapanga matrix ndi malloc (function yopemphera malo mu memory), pomwe pa kompyuta ya mnzanu ikuyenda bhobho. Ndaiona code mwaponyayi, vuto lili pa mzere woyamba womwewu:

int **a = malloc(rows * sizeof(int));

a ameneyu sasunga ma int ayi, amasunga ma pointer, kutanthauza ma adiresi a mu memory oloza pomwe pali row iliyonse. Pa makina a 64-bit int amadya ma byte 4 koma pointer amadya 8, ndiye mukapempha malo a ma row 10 mwapatsidwa ma byte 40 pomwe mukufunika 80, pofika pa a[5] mwadumpha kale malire mukulima m'munda mwa eni, ndipo C sakuletsani, amangokuyang'anani. Mnzanuyo mwina compiler yake ndi ya 32-bit pomwe zonse ziwiri ndi ma byte 4, kapena wangochita mwayi basi.

Lembani malloc(rows * sizeof *a), compiler iziwerengera yokha. Kenako mu loop a[i] = malloc(cols * sizeof **a), ndipo muzicheka ngati sanabweze NULL. Pomasula yambani ma row onse, free(a) abwere pomaliza, chifukwa mukayamba ndi iyeyo ma adiresi a ma row aja mukawatenga kuti?

Koma kunena zoona ine za ma star awirizi sindimazikonda, pokhapokha ngati ma row ali osiyana kutalika. Pemphani malo kamodzi, int *a = malloc(rows * cols * sizeof *a), powerenga muziti a[i * cols + j]. Malloc mmodzi, free mmodzi, zatha. Zimathamanganso chifukwa manambala ali mondondozana ndiye cache (memory yachangu ya mu processor) imawanyamula pamodzi, osati row iyi uku ina uko. Chenjerani, ndi i * cols osati i * rows, anthu amapusa apa chifukwa akamayesa ndi 3 kwa 3 zimaoneka zabwinobwino, tsiku loika 3 kwa 5 mpamene zimavuta.

Ngati mtima uli pa a[i][j] basi, kuyambira C99 mutha kulemba int (*a)[cols] = malloc(rows * sizeof *a). gcc ndi clang amalola, compiler ya Visual Studio imakana.

Chinanso, ndaona pansipo muli ndi int m[3][4] yomwe mukuipatsa function yolandira int **. Imeneyonso ikugwetsani. m alibe ma pointer mkati mwake, ndi ma int 12 ongondandalikana, ndiye function ija itenga manambala anuwo nkumawayesa ma adiresi. Musinthe ikhale int (*m)[4], ndipo warning yomwe compiler ikupereka pamenepo musamangoidumpha.

Mukakonza, pangani compile ndi gcc -g -Wall -fsanitize=address, ikuuzani mzere weniweni pomwe mwadutsa malire. Ngati muli pa Linux, valgrind nayenso amagwira ntchito yomweyo. Ikagwabe ponyani zomwe yalembazo pano tione.