Masiku asanu ndi awiri mu baiti imodzi: funso la pampu ya kudimba

Funso: Amisiri, ine ndili ku Chipoka. Ndalumikiza bolodi ya kakompyuta kakang'ono ya Arduino Uno ndi kawotchi ka DS3231 kuti pampu ya sola izithirira dimba langa pa masiku amene ndasankha. Masikuwo ndinawapatsa manambala, Lolemba 1, Lachiwiri 2, mpaka Lamulungu 7, n'kumaphatikiza n'kusunga mu EEPROM, malo a pa bolodi osungira manambala amene safufutika magetsi akazima. Koma ndikasankha Lolemba ndi Lachiwiri, pampu ikuyaka Lachitatu. Kodi bolodi yafa?

Yankho: Bolodi ilibe mlandu achimwene, yakumverani bwino lomwe. 1 kuphatikiza 2 ndi 3, ndipo 3 munanena nokha kuti ndi Lachitatu. Maganizo osunga masiku onse mu nambala imodzi ndi abwino, opanga mapulogalamu amati bitmask. Mwangophonya manambala ake.

Baiti imodzi ili ndi mabiti 8. Aganizireni ngati maswichi 8 ondandana pakhoma, iliyonse yoyatsa kapena yozimitsa. Tsiku lililonse mulipatse swichi yakeyake, ndiye manambala ake amayenda mowirikiza kawiri: Lamulungu 1, Lolemba 2, Lachiwiri 4, Lachitatu 8, Lachinayi 16, Lachisanu 32, Loweruka 64. Mukasankha Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu mupeza 42, ndipo palibe masiku ena amene angakupatseni 42. Sabata yonse ndi 127. Ndayambira Lamulungu dala, chifukwa RTClib, pulogalamu yokonzakonza imene ambiri amawerengera DS3231, imapereka 0 pa Lamulungu ndi 6 pa Loweruka. Choncho 1 << tsiku, kumene ndi kuwirikiza 1 kawiri maulendo ofanana ndi nambala ya tsiku yochokera ku RTClib, ikupatsani nambala ya lero popanda kulemba tebulo lina.

Zizindikiro zofunika mu pulogalamu ndi zochepa. Apa masiku ndi dzina la nambala yathu ija, LACHITATU akuimira 8. Kuwonjezera tsiku: masiku |= LACHITATU. Kulichotsa: masiku &= ~LACHITATU. Kufunsa ngati lilipo: (masiku & LACHITATU) != 0. Mabulaketiwo musawasiye, chifukwa mu C, chilankhulo cholembera pulogalamuyi, chizindikiro cha != chimawerengedwa & isanawerengedwe, ndipo pulogalamu imayenda osadandaula koma ikuyankha zabodza.

Chimene ndikuletseni kwambiri ndi chizindikiro chophatikizira. Pa pepala + ndi | zimaoneka ngati mapasa, koma tiyeni tiyese. Muli ndi 42, mwana wadina batani la Lachitatu kachiwiri. Ndi + mupeza 50, amene ndi 32, 16 ndi 2. Lachitatu lasowa, Lachinayi lalowa osaitanidwa. Ndi | nambala ikhalabe 42 ngakhale adine kakhumi. Kutentha kwa ku Salima mwezi wa Okutobala, tomato akadumphidwa tsiku lake mumadziwa nokha mmene amagonera.

Pali msampha wina umene unandigwirapo ine ndemwe. EEPROM yatsopano, imene sinalembedwepo, ikawerengedwa imapereka 255, kutanthauza kuti maswichi onse 8 ndi oyatsa. Ndinapereka bolodi kwa mlimi wina ndisanasungemo kanthu, pampu n'kumayaka tsiku ndi tsiku mpaka thanki kusefukira. Apa m'pamene biti yotsala ija, ya 128, imathandiza. Masiku enieni sangapitirire 127, ndiye pulogalamu ikayamba n'kupeza nambala yoposa pamenepo, iziika 0, pampu ikhale chete mpaka munthu asankhe masiku. Posunga gwiritsani ntchito EEPROM.update osati EEPROM.write. Malo aliwonse mu EEPROM ya Uno anapangidwa kuti alembedwe maulendo pafupifupi 100,000, ndipo update imalemba pokhapokha nambala yasintha.

Kunena zoona, kwa inu phindu lalikulu si kusunga malo. Uno ili ndi mabaiti 1,024 a EEPROM, masiku 7 sangaidzaze ngakhale mutawasunga lililonse palokha. Ubwino wake ndi woti nambala imodzi siivuta kutumiza pa SMS, kufananitsa, kapena kuuza munthu pafoni kuti ikani 42. Koma manambalawa mukangoyamba kuwasunga, musadzawasinthenso. Mukadzaganiza mawa kuti Lolemba likhale 1, mabolodi onse amene ali kale m'madimba adzawerenga masiku olakwika. Ndipo mukadzafuna zoti Lolemba pampu iyake mphindi 20 koma Lachisanu mphindi 40, bitmask siingakwanitse, chifukwa biti imangodziwa inde ndi ayi. Pamenepo mudzasunge mabaiti 7, tsiku lililonse ndi mphindi zake, 0 atanthauze kuti lero sitithirira.