Zopikula katundu wa maloji kunja: yankho kwa achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati geni yopikula katundu kunja n'kumagulitsa kumahotela ndi maloji ikadali ndi phindu, poti mukuona malo ogona alendo akumangidwa paliponse. Phindu lilipo, koma musamawerenge nyumba zomwe zikukwera. Muzifufuza amene akugonamo, ndiponso amene akulipira bilu.

Maloji ambiri kuno kwathu sadalira azungu odzaona dziko. Amenewo amathera ku Cape Maclear, Nkhata Bay ndi Liwonde, makamaka mvula ikatha, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Chimene chimadzaza zipinda ku Salima, Mangochi ndi Mponela ndi misonkhano ya boma ndi mabungwe. Taganizani, Mponela ilibe nyanja, ilibe njovu, koma maloji ali mbwee. Chinsinsi chake n'choti ili pafupi ndi Lilongwe moti munthu afika m'mawa womwewo, komanso ili patali ndithu moti alawansi ituluka. Ndiye boma likangolengeza kuti likuchepetsa maulendo ndi misonkhano, kapena monga zinachitikira mu 2025 pamene America inaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ife operekera katundu timadziwa msanga, chifukwa foni imangoti zii.

Ngati mukufuna kudziwa momwe mtima wa mwini loji ulili, onani oda yake. Amene akuyembekeza alendo amafuna nsalu zoyala pabedi zoyera, zofanana zipinda zonse, matawulo okhuthala, makatani atsopano, mwinanso ma TV. Amene mtima uli m'mwamba amangoitanitsa sopo ndi tishu, ndipo akafuna nsalu amasankha zamaluwamaluwa, zoti zikathimbirira mlendo asazindikire. Maoda otere akachuluka, ine ulendo ndimayamba ndauimika, ngakhale pawailesi azinena kuti zokopa alendo zikuyenda bwino.

Kopikula n'kuwiri kwenikweni. Ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, mumadzera pa Songwe, ndipo n'kwabwino pa makatani, nsalu ndi ziwiya zakukhitchini, zambiri zochokera ku China. Ku Joni mumatulukira pa Mwanza kapena pa Dedza, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ulendowu ndi wautali komanso wodula, koma matawulo ndi mabulangete akumeneko amapirira kuchapidwa tsiku ndi tsiku, ndipo mwini loji wodziwa ntchito amazindikira akangogwira ndi dzanja.

Ena akuuzani kuti amalonda ang'onoang'ono salipira msonkho chifukwa cha ndondomeko yofewetsa malonda apamalire yotchedwa STR, ya bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa la COMESA. Musatengeke. Imeneyo imagwira pa katundu wopangidwa m'maiko ngati Zambia ndi Zimbabwe, amene alinso pamndandanda womwe maikowo anagwirizana. Tanzania ndi South Africa sali mu COMESA, ndipo nsalu ya ku China ikhala ya ku China ngakhale mwaigula kuti. A MRA, otolera msonkho, adzafuna malisiti anu, choncho msonkho muuwerengeretu musanapereke mtengo kwa kasitomala. Fufuzaninso zomwe zaletsedwa musanakwere basi. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowetsa zinthu zingapo, kuphatikizapo mipando yamatabwa, mamopu, madzi am'mabotolo ndi zotokosera m'mano, zinthu zenizeni zomwe maloji amagula.

Tsopano pamene ambiri amagwera ndi apa. Inu mumagula ndi ndalama zakunja, pompopompo, koma mumagulitsa ndi kwacha, nthawi zambiri pangongole. Kubanki madola savuta kupempha, amavuta kupeza, ndiye ambiri amathera kwa osintha ndalama apamsewu pamtengo wokwera kwambiri. Loji imalandira katundu lero n'kukuuzani kuti ikulipirani bungwe lomwe linachititsa msonkhano likailipira. Bungwelo likachedwa, inunso mwachedwa. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali atagulitsa katundu pangongole masiku amenewo analandira ndithu ndalama zawo zonse, koma atabwerera kukapikula anapeza kuti mpamba sukugulanso katundu yemwe uja. Pachifukwa ichi ine sindinyamuka popanda theka la ndalama m'manja, ndipo pa kotesheni ndimalemba masiku ochepa omwe mtengowo ugwire ntchito. Wokana zimenezi ndimamusiya, ngakhale loji yake ikhale yokongola chotani.

Mahotela akuluakulu, monga a Sunbird, musayambire kumeneko. Amafuna bizinesi yolembetsa, nambala ya msonkho ndi mapepala oyenera, ndipo ali kale ndi owaperekera katundu.

Kumene ndikuona moyo masiku ano n'kwa anthu omwe akusandutsa nyumba zawo kukhala malo ogona alendo, ku Area 47 ndi Area 43 ku Lilongwe, kapena ku Namiwawa ku Blantyre, n'kumazitsatsa pa Facebook ndi pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lotsatsirapo malo ogona. Oda yawo ndi yaing'ono, mabedi atatu kapena anayi, koma amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba katundu akangofika, ndipo amafuna zinthu zooneka bwino pachithunzi. Chinanso ndi magetsi. Chiyambire pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, eni maloji ambiri anazindikira kuti mlendo sabwereranso komwe anagona mumdima, ndiye mababu a sola, mabatire ndi mbaula za gasi zimayenda.

Mukapeza kasitomala woyamba, pitani nokha mukayeze matiresi ndi mawindo ake ndi tepi. Mabedi ambiri a m'maloji mwathu anakhomedwa ndi akalipentala apamalopo, ndipo muyeso wolembedwa papaketi ya ku Joni sugwirizana nawo nthawi zonse. Nsalu ikaperewera, mwini loji salandira, ndipo ku Kariakoo kapena ku Joni simungaibwezenso.