Mafani a kesi: mpweya wokwanira popanda kulira ngati chigayo

Achimwene, mwati kesi yanu, bokosi la kompyuta, inabwera ndi fani imodzi ya 120mm kumbuyo, GPU (khadi yoyendetsa zithunzi) imafika madigiri 85 mukamasewera magemu, ndiye munagula mafani awiri owala n'kuwalumikiza ku waya wa Molex. Tsopano kompyuta ikulira ngati chigayo pomwe kutentha kwangotsika pang'ono, ndipo mukufunsa fani yabwino yoti mugule. Ndalamazo zisungeni kaye m'thumba, chifukwa mbali yaikulu ya vutoli ili pa mmene mafaniwo alumikizidwira ndi njira imene mpweya ukudutsa.

Waya wa Molex umachokera ku power supply ndipo umapereka 12V nthawi zonse. Fani yolumikizidwa pamenepo imathamanga liwiro lake lonse kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa, kaya mukusewera kaya mukungolemba kalata. Palibe chimene chingaiuze kuti ichepetse. Phokoso lanu lambiri likuchokera pamenepa.

Pali lamulo limodzi la mafani limene likakhala m'mutu, zina zonse zimamveka. Fani ikachepetsa liwiro ndi theka, mpweya umene imakankha umachepanso ndi theka, koma phokoso limatsika ndi pafupifupi 15 dB (dB ndi muyezo wa phokoso). Khutu la munthu limamva kutsika kwa 10 dB ngati kuti phokoso lachepa ndi theka, ndiye 15 dB ndi kusintha kwakukulu ndithu. Mbali inayi, mukaika mafani awiri ofanana pamalo pa imodzi, phokoso limangokwera ndi 3 dB. Tanthauzo lake n'lakuti mafani awiri ozungulira pa 900 RPM (maulendo ozungulira pa mphindi imodzi) amakankha mpweya wofanana ndi fani imodzi ya 1800 RPM, koma phokoso lawo limakhala lotsika ndi pafupifupi 12 dB. N'chifukwa chake mafani angapo oyenda pang'onopang'ono amaposa fani imodzi yothamanga. Kukula kwa fani nakonso kumathandiza mwanjira yomweyo: ya 140mm imakankha mpweya wofanana ndi ya 120mm pa liwiro lotsikirapo. Musanagule yezani mabowo a masikuluu pa kesi yanu. Akatalikirana 105mm ndi malo a fani ya 120, akatalikirana 124.5mm ndi a 140. Makesi ambiri ali ndi mabowo onse awiri kutsogolo. Kunenepa kwa fani wamba ndi 25mm.

Manambala a pa bokosi muziwawerenga mochenjera. CFM ndi kuchuluka kwa mpweya, koma amauyeza fani ili pamtetete popanda chotchinga. M'kesi muli sefa ya fumbi, mabowo ang'onoang'ono, mawaya, nthawi zina radiator yoziziritsira madzi. Pamenepo nambala yofunika ndi ya mmH2O, imene imaonetsa mphamvu yokankhira mpweya pamene pali chopinga. Fani yakutsogolo, yomwe imakoka mpweya kudzera pa sefa, ikhale ndi 2 mmH2O kapena kuyandikira pamenepo pa liwiro lake lonse. Mwachitsanzo Arctic P12 PWM imayenda kuyambira 200 mpaka 1800 RPM, imapereka pafupifupi 56 CFM ndi 2.2 mmH2O, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Noctua NF-A12x25 imafika 2000 RPM, pafupifupi 60 CFM ndi 2.34 mmH2O, kamvekedwe kake n'kofewa koma mtengo wake ungagule ma P12 angapo. Pa kesi ngati yanu, P12 kapena P14 (mnzake wa 140mm) ndi yokwanira. Nambala ya phokoso, ya dBA, musaidalire poyerekeza makampani awiri osiyana, chifukwa aliyense amayeza mwanjira yake.

Tsopano njira ya mpweya, yomwe anthu ambiri amaiphonya. Yambani ndi kuyeza kophweka: chotsani chitseko chakutsogolo kwa kesi, sewerani gemu yomweyo kwa mphindi 20, muone kutentha pa pulogalamu ya HWiNFO. Kukatsika ndi madigiri 5 kapena kuposa, ndiye chitsekocho ndi chimene chikutsamwitsa kompyuta. Makesi ambiri otchipa ali ndi galasi kapena pulasitiki kutsogolo, ndipo mafani amakhala atagunda galasilo ndi kampata kochepa kwambiri. Fani yotere imangozungulira, kulira, osapeza mpweya woti ikoke. Ngakhale mutaika Noctua pamenepo zotsatira zake sizikusangalatsani. Ngati kesi ikulola, sunthirani mafaniwo mkati mwa chitsulo kuti mpata ukule. Ngati sikulola, ndalama ya mafani okwera mtengo ndi bwino ipite ku kesi yakutsogolo kwa mesh, kwa timabowo tambirimbiri tolowetsa mpweya.

Onaninso kumene mafani anu akuuzira. Mpweya umalowera mbali yotseguka n'kutulukira mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota, komwe waya umatulukira. Mafani ambiri ali ndi timivi tiwiri m'mbali mwa felemu, kamodzi kosonyeza kozungulirira ndi kena kosonyeza kopita mpweya. Ngati mulibe timivi, yandikizani kapepala ka tishu: kakakokedwa, mbali imeneyo ndi yolowera. Si zachilendo kupeza fani yakutsogolo itaikidwa chotembenuza, ikutulutsa mpweya m'malo moulowetsa.

Dongosolo loyenera kesi yanu ndi mafani awiri olowetsa mpweya kutsogolo ndi imodzi yotulutsa kumbuyo. Fani yam'munsi yakutsogolo iyang'anizane ndi GPU, chifukwa ndiyo ikuvutika. Mukafuna yachinayi, iikeni pamwamba chakumbuyo kuti izitulutsa. Musaike yotulutsa pamwamba chakutsogolo, chifukwa imalanda mpweya wozizira usanafike pa CPU (purosesa). Kupyola mafani anayi kapena asanu phindu limakhala lochepa kwambiri. Mpweya wolowa upose pang'ono wotuluka. Zikatere mpweya umatulukira m'ming'alu yonse ya kesi, ndipo fumbi limangolowera pa sefa pomwe mungalichotse. Zikakhala mosemphana, kesi imayamwa fumbi pa kabowo kalikonse. Kuno kwathu, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi lambiri moti nkhani imeneyi si yoinyozera. Kompyuta isakhalenso pansi pa simenti. Ikwezeni pa tebulo kapena pa kabenchi.

Pa zolumikizira, gulani mafani a mapini 4, a PWM (amene liwiro lake limalamulidwa kudzera pa pini yachinayi), muwalumikize pa motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta) pomwe palembedwa CHA_FAN kapena SYS_FAN. A mapini 3 amalowanso pamalo omwewo, koma muyenera kusintha mu BIOS (zosinthira za motherboard zimene mumalowamo poyatsa kompyuta) kuti malowo agwire ntchito ya DC, yosintha liwiro pochepetsa magetsi, apo ayi fani izingothamanga liwiro lonse. Malo amodzi nthawi zambiri amapirira 1A (amp imodzi ya magetsi). Werengani ma amp olembedwa kumbuyo kwa fani iliyonse, muwaphatikize, ndipo musapyole 0.8A mukamagwiritsa ntchito splitter (waya wogawa malo amodzi kwa mafani angapo), chifukwa poyamba kuzungulira fani imakoka magetsi ochulukirapo. Mafani akachuluka, gulani hub, kabokosi kolumikizirapo mafani ambiri, yotenga magetsi ku waya wa SATA wa power supply. Ma Arctic olembedwa PST amalumikizana okhaokha popanda splitter. Kwa ena amene muli ndi makompyuta a mu ofesi monga Dell OptiPlex, dziwani kuti ambiri mwa amenewa ali ndi cholumikizira chawochawo cha mapini 5. Fani wamba siilowa popanda adaputa, ndipo kompyuta ikapanda kuona fani imaima poyatsa n'kupempha kuti mudine batani la F1. Za magetsi owala, waya wa ARGB ndi wa 5V wa mapini 3, pomwe wa RGB ndi wa 12V wa mapini 4. Mukaika wa 5V pa malo a 12V, timagetsito timapsa nthawi yomweyo.

Bearing, pamene pamazungulira mota wa fani, nayo muiyang'ane. Mafani otchipa kwambiri amakhala ndi sleeve bearing, yomwe mafuta ake amauma msanga kukatentha, makamaka fani ikaikidwa chogona pamwamba pa kesi, kenako imayamba kukhulukuta. Ball bearing imakhalitsa koma imamveka pang'ono. Yabwino pa nyumba ndi fluid dynamic, yomwe pa bokosi amalemba FDB.

Mukamaliza kulumikiza, lowani mu BIOS. Pa ASUS funani Q-Fan, pa Gigabyte Smart Fan, pa MSI Hardware Monitor. Poyambira pabwino ndi apa: liwiro la 30% mpaka madigiri 45, 45% pa madigiri 60, 65% pa 75, ndi 100% pa 85. Fani ya 120mm ili pansi pa 900 RPM simumaimva kwenikweni, koma ikadutsa 1300 imamveka chipinda chonse. Ikaninso nthawi yochedwetsa kusintha liwiro, masekondi atatu kapena kuposa ngati BIOS ikulola, chifukwa CPU imatentha ndi kuzizira mwadzidzidzi, ndipo fani yokwera n'kutsika mphindi iliyonse imasowetsa mtendere kuposa yolira mokhazikika. Popeza vuto lanu ndi GPU, pulogalamu yaulere ya Fan Control pa Windows ingathandize kuti mafani akutsogolo azitsatira kutentha kwa GPU, zomwe ma BIOS ambiri sangachite. Mukamva kung'ung'udza pa liwiro linalake lokha, kwezani kapena tsitsani ndi 100 RPM, nthawi zambiri kumatha.

Kumbukiraninso kuti fani siingaziziritse kompyuta kuposa mpweya wa m'chipinda. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10 pakati pa Juni ndi Okutobala, CPU ndi GPU nazonso zikwera ndi pafupifupi 10 omwewo. Wa ku Nsanje kapena Chikwawa asayerekeze manambala ake ndi a munthu wa ku Dedza. GPU ya pakati pa madigiri 70 ndi 80 pa gemu ilibe vuto, ndipo kulimbana kuti ifike 60 kumangobweretsa phokoso.

Phokoso likapitirira, pezani chikulira. Tsegulani kesi, imitsani fani imodziimodzi kwa kamphindi pogwira pakati pake, osati pa mapiko, mumvetsere. Kawirikawiri wolakwa amakhala kafani ka CPU kamene kanabwera ndi purosesa, kapena mafani a GPU amene akuthamanga chifukwa chosowa mpweya. Nthawi zina ndi waya wokhudza mapiko kapena sikuluu yosamanga bwino. Mangani zinayi zonse mofanana, kapena gwiritsani ntchito timapini ta labala. Ngati ikulira ndi ya mu power supply, musaitsegule, muli magetsi oopsa ngakhale itazimitsidwa.

Sefa muziitsuka masabata awiri kapena atatu aliwonse nyengo ya fumbi, iume bwinobwino musanaibwezere. Mukamapemerera ndi blower, gwirani mapiko ndi chala kuti asazungulire, chifukwa liwiro la blower limawononga bearing. Aja mwagula kale a Molex, ngati alibe waya wina wa mapini 3, achotseni. Muike ma PWM awiri kutsogolo, muyeze kutentha musanasinthe ndiponso mutasintha pa gemu yomweyo, kenako mutiuze manambalawo ndi dzina la motherboard yanu kuti tikuthandizeni kukonza liwiro.