Kodi chuma chimadzichiritsa chokha ngati thupi?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti: "Nthawi ya Covid-19 ena ankati boma lisatseke kalikonse, chuma ndi thupi ndipo chimadzichiritsa chokha. Maganizo amenewa anachokera kuti, nanga ndi oona?"

Mayi, mmodzi mwa amene anabzala maganizowa anali dokotala weniweni. François Quesnay ankachiza anthu kunyumba yachifumu ya Louis XV ku France. Mu 1758 anajambula tchati chosonyeza chuma chikuchoka kwa alimi, kupita kwa eni minda ndi amisiri, n'kubwereranso kumunda, ndipo ambiri amaona kayendedwe ka magazi m'chithunzi chimenechi. Iye ndi anzake ankati boma likachotsa ziletso pa malonda a tirigu, zinthu zimawongoka zokha. Ndiyo laissez-faire imene mumamvayo.

Kalankhulidwe kameneka sikanathe. Herbert Hoover, yemwe anali pulezidenti wa America, analemba kuti chuma cha America chitagwa mu 1929, nduna yake ya zachuma, Andrew Mellon, inamulangiza kuti asiye makampani agwe, zowola zituluke m'thupi.

Mliri utafika, fanizo linakumana ndi matenda enieni. Pa 13 Malichi 2020 Patrick Vallance, mlangizi wa boma la Britain pa sayansi, anati pafunika anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse atenge kachilomboka kuti dziko likhale ndi chitetezo. Patangotha masiku khumi, Britain inatseka. Sabata yomweyo Donald Trump, ponena za kutseka dziko, ankati mankhwala asapose matenda kuwawa. Mu Okutobala chaka chomwecho akatswiri atatu anasainira chikalata chotchedwa Great Barrington Declaration ku bungwe lolimbikitsa msika wopanda ziletso, kuti achinyamata azipita kuntchito, okalamba atetezedwe paokha.

Apa ndiye sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Thupi likachira, mwini wake ndi mmodzi, amene anamva ululu ndi yemweyo wachira. Dziko silili choncho. Wopeza phindu sitolo ikatsegula ndi wina, wopuma movutika pa bedi lopanda okosijeni ndi wina. Komanso agogo amene amagona nyumba ya zipinda ziwiri ndi zidzukulu zisanu, akudyera mbale imodzi ndi mnyamata wa kabaza, muwateteza bwanji paokha?

Mwina mukuganiza za kwathu kuno, pamene Khoti Lalikulu mu Epulo 2020 linaimitsa chiletso cha masiku 21 chimene boma la a Peter Mutharika linalengeza. Imeneyo ndi nkhani ina. Mavenda amene anaguba m'misewu sankanena kuti boma lichotsepo dzanja. Ankafunsa kuti mukatseka msika, ana athu adya chiyani? Mayi wogulitsa tomato amagula ufa wa madzulo ndi ndalama ya masana omwewo. Ankafuna boma lichite zambiri, liwapatse chakudya kapena ndalama lisanawatsekere m'nyumba, ndipo ine ndimaona kuti ankanena zoona.