Mutu wa tchati ndi mzere wa kumanja mu Matplotlib

Wophunzira wina wa ku Kalingalinga watumiza funso pa imelo lokhudza Matplotlib, chida cha Python chojambulira matchati: "Ndikujambula mvula ya mwezi uliwonse mu Lusaka pamodzi ndi mtengo wa thumba la unga la 25kg. Mvula ili kumanzere, mtengo kumanja ndi twinx(). Koma dzina la mzere wa kumanja likuduka, mutunso ukugundana ndi tchati. Ndalakwa pati?"

Simunalakwe kwenikweni, nkhani ndi ya malo. Mukapanda kusintha kalikonse, chithunzi chimakhala mainchesi 6.4 m'lifupi, ndipo tchati chimathera pa 0.9 ya m'lifupimo. Kumanja kumatsala mainchesi 0.64 okha, pomwe kumanzere kuli 0.8. Manambala a Kwacha ndi dzina la mzere zonse zikapanikizana pamenepo, dzinalo limagwera kunja.

Mankhwala ake ndi fig.tight_layout(), koma iikeni kumapeto, mutalemba kale ax2.set_ylabel() ndi mutu (ax2 ndi mzere wa kumanja wopangidwa ndi twinx(), ax1 ndi wa kumanzere). Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Imayeza zokhazo zomwe zilipo nthawi imene mwaiitana. Mukaiika twinx() isanabwere, mzere wachiwiri suwerengedwa konse. Ngati mukufuna kudziikira nokha malire, lembani fig.subplots_adjust(right=0.85, top=0.88).

Za mutu, tchati chikakhala chimodzi musavutike ndi suptitle, mutu wa chithunzi chonse. Lembani ax1.set_title("Mvula ndi mtengo wa unga", pad=12). Mpata wa nthawi zonse ndi mapointi 6, ndiye 12 amaukwezako bwino. Mutuwo muupereke kwa ax1 yekha, chifukwa ax1 ndi ax2 zili pamalo amodzi, mitu iwiri idzasanjikizana. Ngati suptitle ndi yofunikadi, dziwani kuti Matplotlib yakale kuposa 3.3 sinkaiwerengera mu tight_layout, choncho isiyireni malo: fig.tight_layout(rect=[0, 0, 1, 0.95]).

Njira ina, yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaukhondo, ndi plt.subplots(layout="constrained") kuyambira pachiyambi. Mukasankha imeneyi musaitanenso tight_layout, imazimitsa constrained.

Chomwe simunafunse koma chikudikirani kutsogolo: legend, kabokosi kofotokoza zomwe zajambulidwa pa tchati. Mukaiitana pa ax1 ndi ax2 pomwe, mabokosi awiri amatha kuunjikana pakona imodzi. Tengani get_legend_handles_labels() ya ax1 ndi ya ax2, muziphatikize, mupereke kwa ax2.legend(), popeza ax2 ndiyo imajambulidwa pamwamba. Ndipo chonde, manambala a kumanja apatseni mtundu womwe mwajambulira mtengo, mwachitsanzo ax2.tick_params(axis="y", labelcolor="tab:red"), kuti owerenga asawerenge mvula ya Januwale m'ma Kwacha.