Achemwali, ndalama za "mapepala" a ku Russia zija musapereke

Kalata ya achemwali ena a ku Turffontein inandigonetsa mochedwa Lachiwiri lapitali. Akuti mlongo wawo wamng'ono, yemwe watha zaka ziwiri muno mu Joni akungodalira maganyu, wapezana ndi munthu pa WhatsApp amene akumulonjeza ntchito yaulonda ku Russia. Malipiro ndi a madola, tikiti ilipo kale, chatsala ndi ndalama "zokonzera mapepala". Akufunsa kuti amuthandize kapena ayi.

Ndinaiwerenga kawiri kenako n'kuika foni pansi, chifukwa nkhaniyi ndi yanga ndendende, kwangosintha dzina la dziko.

Mu June 2010 ndinagulitsa njinga ya bambo anga ndi mbuzi zitatu kwathu ku Mangochi, ndalama zonse n'kupatsa bambo wina amene mudzi wonse unkamutcha transipota. Anati kuli fakitale yosoka zovala yomwe ikusowa atelala, ndipo malo anga wasunga kale. Tinadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, iye akuseka nafe njira yonse, mpaka kutigulira mabanzi. Titafika pa Park Station anati, "Aphwanga, khalani pa benchi apa ndikayimbe foni kwa abwana." Mpaka lero akuyimbabe.

Ndinakhala pamenepo masiku awiri. Inali nthawi ya World Cup, mavuvuzela ali pokopoko, anthu atavala zachikasu, ine ndikunjenjemera ndi chisanu chomwe mwana wa kunyanja sanachionepo. M'chikwama munali mathalauza awiri, sizasi yanga ndi kajumbo ka usipa komwe amayi anandimangira. Ndinkaubisa m'manja n'kumatafuna umodziumodzi, wosaphika, kuopa kuti anthu amva fungo. Ananditola ndi agogo ena achiyao atandimva ndikudziyankhulira ndekha. Anapita nane ku Mayfair, ndipo makina amene ndinayambira ntchito anali awo.

Chomwe chimandipwetekabe si wakubayo. Amalume anandichenjeza, aphunzitsi ena a pamudzi anandichenjeza, koma ndinkaona ngati ndi kaduka. Munthu ukatopa ndi umphawi, aliyense wokuletsa amaoneka mfiti. Ndiye achemwali, mlongo wanuyo ndikumudziwa ngakhale sindinamuonepo.

Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinataya mbuzi. Iye komwe akuitanidwako kuli nkhondo yomwe yakhala ikuyaka chiyambire pa 24 February 2022, pamene Russia inalowa m'dziko la Ukraine. Mu November 2025 ofesi ya President Cyril Ramaphosa inalengeza kuti amuna 17 a dziko lino akupempha thandizo ali ku Donbas, chigawo cha nkhondo cha ku Ukraine, komwe anakafika atanyengedwa ndi malonjezo a ntchito ya ndalama zambiri. Atsikana nawonso akhala akukopedwa pa intaneti ndi malonjezo a maphunziro ndi ntchito ku Alabuga, m'chigawo cha Tatarstan, ena n'kukapezeka akumanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa zija. Chikomekome cha mkuyu. Ngati mbadwa za dziko lino, zokhala ndi boma lomwe limamwera limodzi tiyi ndi Moscow m'gulu la mayiko la BRICS, zinafika polira choncho, nanga Mmalawi wopanda pemiti adzamufunsa ndani?

Apa ndiye pamandikwiyitsa anyamata amene amadzaza pashopu panga Loweruka. Amakambirana nkhondoyi ngati Bullets ndi Wanderers. Wina ali, "Putin ndi mwamuna, akuwaonetsa azungu." Wina ali, "Trump yekha ndi amene angathetse zonsezi." Ine ndili ndi mapini pakamwa, ndikungomvetsera. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinafunsa mmodzi kuti thumba la feteleza lomwe anatumizira amake chaka chatha analigula zingati, poyerekeza ndi nkhondo isanayambe. Anangoti zii. Russia ndi imodzi mwa mayiko ogulitsa feteleza wambiri padziko lonse, ndipo zombo zikasokonekera uko, munda wa amayi ako ku Ntcheu ndi umene umachita chikasu. Inde, mu 2023 kampani ya ku Russia inapereka matani 20,000 a feteleza ku Malawi ndipo tinawomba m'manja, koma mphatso ya nyengo imodzi siibweza mitengo pomwe inali.

Sindikunena kuti zonse ndi Putin ayi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zina mwa izo ndi matenda athu akale: kugula kunja chilichonse, kugulitsa fodya yekha. Pa 16 September 2025 anthu kumudzi anavota ndi m'mimba, a Lazarus Chakwera anatuluka, a Peter Mutharika n'kubwerera. Ife a ku Joni tinalibe voti, ngakhale ndife timatumiza za shuga ndi za fizi mwezi ndi mwezi. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndikaiyamba pano sitimaliza.

Ndipo amene amaona ngati chipulumutso chili ku America nawonso andimve. Chisankho chawo cha November 2024 ife sitinaponye nawo voti, koma a Donald Trump atangolowa, thandizo la USAID linadulidwa, ndipo aliyense amene ali ndi m'bale wodalira ma ARV anagona ndi nkhawa. Mu August 2025 anaika lamulo lakuti Mmalawi wofuna viza yokacheza kumeneko atha kuuzidwa kusiya chikole chofika madola 15,000. Msonkhano wa mayiko akuluakulu pa chuma wa G20 utachitikira pa Nasrec pompano mu November 2025, misewu itatsekedwa, maloboti atakonzedwa mwadzidzidzi, America sinabwere. Akuluakulu akanyanyalitsana chonchi, zitseko zabwino zimatsekeka chimodzichimodzi, kutsala chotsegula ndi cha munthu wa pa WhatsApp uja.

Ndafika pokhulupirira, ndipo palibe angandisinthe, kuti dziko lapansi limatikumbukira ife Amalawi pokhapokha likasowa manja otchipa. Pa Zomba pali chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda) omwe anafera nkhondo za azungu. John Chilembwe analemba kalata mu 1914 kudandaula zomwezi, kuti amphawi akukafa pa mkangano womwe sakuudziwa mutu wake. Agogo athu anadzaza migodi ya muno kudzera ku Wenela, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Mu November 2023, nkhondo ya ku Gaza itathawitsa antchito m'minda ya ku Israel, ndege inanyamuka kwathu ndi achinyamata 221 kukalowa m'malo mwawo. Pamene South Africa inkatengera Israel ku khoti la ku The Hague, ife tinali kalikiliki kutsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Sindikunyoza amene anapita, ena amanga nyumba za malata. Komabe iwowo anapita boma likudziwa mayina awo. Mlongo wanu akutengedwa ndi nambala ya foni basi.

Tsono mutani?

Ndalamazo musapereke, ngakhale theka. Mufunseni munthuyo dzina la kampani, tauni yomwe ili, mtundu wa viza, ndiponso kontirakiti yolembedwa m'chiyankhulo chomwe mlongo wanu amawerenga yekha. Akatumiza, mupite nazo ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria mukafunse ngati akuidziwa ntchitoyo. Mudzaona kuti akangomva za ku Pretoria ayamba kukuthamangitsani, ati malo atsala awiri okha. Pepala la Chirasha asasayine, pasipoti asapatse munthu kuti amusungire.

Chachikulu, musamukalipire pagulu kapena kuimbira abale onse akumudzi kuti amuweruze. Amalume anga anachita zimenezo, ndipo ine ndinanyamuka m'mawa mwake osawatsanzika. Mukhale naye pansi awiriwiri, nsima ili pakati, mumuwerengere za amuna 17 aja, kenako mumufunse kuti ndalama zomwezo angachite nazo chiyani muno. Makina osokera akale koma olimba sasowa m'mashopu a kaunjika wa katundu mu tauni. Ngati ali ndi mtima wokhala pampando tsiku lonse, ndiuzeni poyankha kalatayi. Pashopu pali ngodya yomwe timangounjikapo zidutswa za nsalu, ndingathe kuisesa.