Achimwene a ku Cosmo City akufunsa: ndigule njinga kapena ndipitirize ndi tekisi?

Sabata yatha ndalandira imelo ya achimwene ena okhala ku Cosmo City kuno ku Joni, ntchito amagwira ku Strijdom Park. Akuti tekisi, minibasi ya kunoyi, ikuwamalizira malipiro ndiye akuganiza zogula njinga yakapalasa, koma madamu akukana, ati anthu kumudzi akamva adzaseka, munthu kupita ku Joni konse kuja kukasanduka wakabaza. Achimwene mwandikhudza pachilonda, ndiye mupirire, lero ndilankhula.

Ine ndinakulira pa kaliyala. Bambo anga ku Mchinji anali ndi njinga yakuda ya Humber, ndipo njinga imeneyo ndi imene inkapita kuchigayo, ndi imene inkanyamula feteleza kuchokera ku ADMARC, ndi yomweyonso inatengera mayi kuchipatala usiku atadwala mwana wotsiriza. Loweruka lililonse ankaikhazika chagada pakhonde nkumapukuta sipoko imodzi imodzi, tcheni nkuthira oilo, ife ana tinalibe chilolezo ngakhale choliza belu. Mmudzi monse munthu wa njinga anali munthu. Akabwera alendo ofuna mbeta, azakhali ankayamba afunsa kuti mnyamatayo njinga ali nayo? Ndiye ndimadabwa kuti manyazi amenewa tinawatola kuti, chifukwa sitinabadwe nawo.

Nditafika kuno ndinkakhala ku Alex (Alexandra), ntchito ndinapeza ya mmunda ku Morningside. Amene mumadziwa derali mukudziwa kuti Alex ndi Sandton ndi zoyang'anizana, pakati pangodutsa msewu wa M1 basi, koma tsiku ndi tsiku ndinkaima pamzere mdima usanathe kudikira tekisi, nkulipira, madzulo nkulipiranso, mwezi ukatha kuwerengera ndalama yopita kwa madalaivala mutu nkuwawa. Ndinagula njinga yakale kwa mkulu wina wa ku Mozambique wokonza njinga mmbali mwa msewu, mabuleki akumbuyo anali ongolira osagwira, ndinakonzetsa. Ndipo mukudziwa amene ankandiseka? Sanali Azulu ayi, sanali azungu. Anali anzanga a ku Malawi konkuno, anthu oti tinkagona chipinda chimodzi mothithikana, ndikamalowa ndi njinga akuti wafika wakabaza, kupita ku Kamwendo ndi zingati. Omwewo Lamulungu kukajambulitsa atatsamira galimoto ya bwana nkuponya pa Facebook kuti akumudzi aziti zikuyenda.

Apa ndiye ndinene mosapsatira. Vuto lathu ife aMalawi a ku Joni si tekisi, si njinga, ndi anthu akumudzi amene timawaopa kuposa njala. Munthu akulolera kugona ndi tiyi wopanda mkaka kuti aoneke bwino kwa anthu oti sakumuona nkomwe, ali makilomita zikwizikwi uko, ndipo mwezi ukatha omwewo ndi amene akutumiza uthenga pa WhatsApp kuti feteleza wakwera, titumizireni pa Mukuru. Ndalama ya fetelezayo ichokera kuti ngati yonse yathera ku renki? Amene akusekayo sadzakulipirirani lendi ngakhale tsiku limodzi.

Komanso taonani azungu ndi mabwana akuda a ku Sandton. Loweruka mmawa akhamukira ku Cradle, dera la kunja kwa mzindawu, atavala tizovala tothina, njinga zawo mtengo wake mutha kumangira nyumba ya malata kumudzi, chaka ndi chaka misewu nkutsekedwa chifukwa cha mpikisano wa 947 Ride Joburg, anthu nkumawaombera mmanja. Akupalasa chimodzimodzi ngati ine. Kusiyana nkoti iwo akafika sapita kulikonse, angotembenuka nkubwerera, pamene ine ndikafika ndiyamba kutchetcha kapinga. Ndiye wamanyazi akhale ine?

Sindikunena kuti ndi zophweka ayi, ndingakunamizeni. Joni ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, ndipo mzindawu ndi wa zitunda zokhazokha, masiku oyamba mtima umagunda ngati uphulika ndipo miyendo usiku imakoka. June ndi July mmawa chisanu chake zala zimauma osatha kugwira buleki, popanda magolovesi musayerekeze. Dzinja nalo lili ndi zake, kumwamba kuli mbee tsiku lonse, nthawi yoweruka itangokwana mitambo yakuda bii, ziphaliwali, matalala, ndipo mphenzi za kuno si zocheza, mukaona zayamba thawirani pagalaja ya mafuta mudikire, nthawi zambiri sizichedwa kudutsa. Kuli maenje mmisewu, zivundikiro za ngalande anthu anaba kukagulitsa, magetsi akazima maroboti onse afa aliyense akungolowa. Ndiye madalaivala a tekisi, eeh. Amaima paliponse pamene munthu wakweza chala, osayang'ana ngati kumanzere kuli munthu wa njinga, ndipo kukangana nawo ndi kutaya nthawi, mungowasiya adutse.

A khonsolo nawonso sanatithandize kwenikweni. Nthawi ya meya Parks Tau anapenta tinjira tobiriwira ta njinga ku Braamfontein, koma atalowa Herman Mashaba mu 2016 anaimitsa zonse, ndalama zokwana R70 million anati zipite ku zina, ati anthu akusowa zofunika kwambiri. Mwina anali ndi mfundo yake, koma ankalankhula ngati njinga ndi chidole cha anthu olemera, ngati sanaonepo alonda ndi anyamata a mmunda akupalasa mbandakucha. Tinjira tija pano ndi poimika galimoto. Chokhacho chimene ndimayamika ndi mlatho wa Grayston wa anthu oyenda pansi ndi a njinga, wowoloka M1 kuchokera ku Alex, ngakhale nawo unabwera ndi maliro, mu October 2015 zitsulo zomangira zinagwera pamsewu nkupha anthu awiri.

Koma kukoma kwake kulipo. Ndimadziwa nthawi yofika, zoti tekisi sinadzaze kapena madalaivala anyanyala lero sizindikhudza. Mimba ya pap (nsima ya kuno) ndi nyama ija inaphwa yokha. Ndipo mwezi wa October kudutsa pansi pa majakaranda mmawa, galimoto zili ndondondo zitaima iwe ukungodutsa, pali kakunyada kena kake, bola musamale maluwawo akanyowa amaterera.

Ndiye mugule kapena ayi?

Gulani, koma osati mawa. Yambani mwabwereka ya mnzanu Lamulungu mmawa muyese njira yonse, chifukwa Malibongwe Drive, msewu wochokera ku Cosmo City kupita ku Strijdom Park, ndi wautali ndipo nthawi yopita kuntchito galimoto ndi matekisi zimathamanga moopsa, muone timisewu tam'mbali tozembera. Pa N1 musalowe, njinga siloledwa pa freeway. Chisoti ndi lamulo kuno kuyambira 2004, onjezerani kavesiti kowala kaja, nyali kutsogolo ndi kumbuyo, pampu, chubu chapadera ndi loko yolimba. Mugule yooneka yakale, yonyezimira imaitana matsotsi, foni ikhale mchikwama, ndipo lisiti muzisunga chifukwa mlendo ali pa njinga apolisi sachedwa kufunsa kuti waitenga kuti.

Za madamu aja, ine ndikukayika kuti nkhani ndi kusekedwa kokha. Akazi athu ambiri akamati anthu aseka amakhala akuopa kulandira foni yoti mwagundidwa, ndipo onse tikudziwa mmene zimavutira kusonkherana kuti thupi lipite kumudzi. Khalani nawo pansi muwaonetse njira imene mwasankha ndi chisoti chomwe, muwalonjeze kuti tsiku la mvula kapena mukaweruka mdima utagwa muzikwera tekisi. Ndalama yotsalayo mwezi woyamba muwapatse m'manja aone okha. Ndipo kuntchitoko mufunsiretu abwana ngati pali kachipinda kosungamo njinga ndi pampopi posukusulira, chifukwa ndi zitunda za pa Malibongwe mufika thukuta lili kamukamu.